Mafunso Anu: Vundukulani Mwala, Tizilombo Tikuuzeni za Madzi

Mwezi uno makalata ambiri achokera ku Mangochi, ndipo onse akuzungulira pa nkhani imodzi: timitsinje totsika m'mapiri a Namizimu, Mangochi ndi Phirilongwe, komanso tizilombo tokhala kunsi kwa miyala ya m'timitsinjemo. Oyankha ndi anzathu odziwa za madzi ndi zamoyo za m'madzi. Makalata ena tawafupikitsa.

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndili m'komiti yoyang'anira madzi a m'mipopi omwe timatapa pa kamtsinje ka m'phiri. Mlangizi wina atabwera anavundukula miyala ingapo, n'kunena kuti mtsinje wathu wayamba kudwala. Komatu madziwo ndi oyera mbee ngati kale. Munthu angadziwe bwanji zotere pongoyang'ana kunsi kwa mwala? — Bambo wa m'komiti ya madzi, Namwera

YANKHO: Bambo, mlangiziyo sanalote ayi. Maso amaona matope okha. Saona kuchepa kwa mpweya, saona mankhwala, saona kufunda kwa madzi. Ngakhale botolo lomwe mungatumize ku labotale limangonena za madzi omwe ankadutsa pa nthawi yomwe munatunga. Wina akatsukira sipuleya kumtunda Lachiwiri, inu n'kutunga Lachisanu, botololo lidzati zonse zili bwino. Koma kachilombo ka pansi pa mwala kalibe kothawira. Kamakhala pamenepo masabata, kena miyezi ingapo, kasanamere mapiko n'kuuluka, ndipo chilichonse chodutsa m'madzimo chimakapeza. N'chifukwa chake ife timati tizilomboti ndi mboni.

Mutu wa nkhani ndi mpweya wa okosijeni. Madzi ozizira amasunga mpweyawu wambiri kuposa ofunda. Pa madigiri 15, lita imodzi imasunga mamiligalamu pafupifupi 10. Pa madigiri 20 ndi 9. Pa madigiri 30 amangotsala 7 ndi theka. Mtsinje wa m'phiri umapindula pawiri: mitengo imautchingira dzuwa, ndipo madzi akamagubuduka pa miyala n'kuchita thovu amameza mpweya watsopano. Mukadula mitengo, madzi amafunda. Ndowe, madeya ndi zotsalira za m'mapoto zikalowamo, mabakiteriya oziwoletsa amadya mpweya womwewo. Dothi lokokoloka likabwera limatseka mipata ya pakati pa miyala, momwe ndimo m'nyumba mwa tizilomboti.

Pali magulu atatu omwe amayamba kusowa zinthu zikasokonekera, ndipo m'mabuku mudzawapeza ndi mayina a mayfly, stonefly ndi caddisfly.

Zulani mwala wonga chibakera pamene madzi akuthamanga, muutembenuze msanga. Mukaona kanthu kaphwatalala, kofanana mtundu ndi mwalawo, maso ali pamwamba pa mutu, kakutsetsereka cham'mbali kuthawira kumthunzi, ndiye mayfly wa thupi lophwatalala ameneyo. Ali ndi michira itatu yonga ulusi, ndipo mukamuika m'mbale ya madzi mudzaona tinthenga ta m'mbali mwa mimba yake tikuphethira mosalekeza. Ndimo mopumira mwake. Dothi likamatirira pa tinthengato, amabanika. Alinso ndi abale ake ang'onoang'ono othamanga ngati timatemba, koma awo ndi opirira, amapezeka ngakhale m'madzi owonongekako.

Stonefly ali ndi michira iwiri, tinyanga tiwiri tatitali, zikhadabo ziwiri pa mwendo uliwonse, ndipo m'mbali mwa mimba mulibe tinthenga. Topumira take tili m'khwapa mwa miyendo. Kuno kwathu mtundu wopezeka ndi wa Neoperla, wachikasu moderako, mlenje wodya tinzake. Mukampeza ameneyu, dziwani kuti madziwo ndi ozizira ndipo ali ndi mpweya wokwanira.

Caddisfly ndi mmisiri. Amaoneka ngati kambozi, koma amadzimangira kanyumba ka mchenga, timitengo kapena tizidutswa ta masamba, n'kumayenda nako. Mukaona kamtengo kakang'ono kakuyenda kokha pansi pa beseni, dikirani pang'ono, mutu ndi miyendo zidzatulukira. Ena samanga kanyumba koma amatchera kaukonde pakati pa miyala n'kumadya zokodwamo.

Mlangizi wanuyo akuyenera kuti anapeza magulu amenewa atachepa, ndiponso miyala itamatidwa ndi dothi. Yesani nokha: mwala wa m'mtsinje wathanzi umazuka mosavuta, kunsi kwake kuli koyera. Ukamakanirira ngati wauikira simenti, kunsi kuli bii ndi fungo la dzira lowola, ndiye kuti kumtunda kukuchoka dothi lambiri. Kwa inu a komiti chimenecho ndi chenjezo la ndalama, chifukwa dothi lomwelo ndi limene lidzadzaze thanki ndi kutseka mapaipi dzinja likubwerali. Kwerani kumtunda kwa potapira madzi mukaone amene walima kapena kuotcha makala m'mbali mwa mtsinje.

FUNSO: Ndimaphunzitsa sayansi ndipo ndili ndi kalabu ya zachilengedwe ya ana 25. Tilibe chipangizo chilichonse. Tingapime bwanji mtsinje wa pafupi ndi sukulu mwa njira yoti zotsatira zake zikhale zodalirika? — Mphunzitsi, Katuli

YANKHO: Aphunzitsi, zomwe mukufuna zili kale m'khitchini. Pezani sefa ya ufa ya mabowo pafupifupi milimita imodzi, kapena pindani waya wolimba kukhala bwalo la masentimita 30 mbali zonse n'kusokerapo nsalu ya katani ya timabowo. Pezaninso beseni loyera, masupuni a pulasitiki, mbale zoyera zingapo, kope, ndi foni ya kamera yokulitsira. Chonde musadule neti ya udzudzu. Manetiwa ananyikidwa m'mankhwala opha tizilombo, ndipo adzapha zomwe mukufuna kuwerengazo, kuwonjezera pa kulanda mwana chitetezo chake cha usiku.

Njira yomwe tikukulangizani ndi miniSASS, yomwe inakonzedwa ku South Africa kuti ana a sukulu ndi anthu wamba azitha kupima mitsinje. Inachokera ku njira ya akatswiri yotchedwa SASS5. Anansi athu anakonzanso zawo: ku Tanzania kuli TARISS, ku Zambia kuli ZISS.

Yambirani kumunsi muzikwera kumtunda, kuti matope omwe mwavundula asakutsogolereni. Mmodzi agwire sefa itagunda pansi, kukamwa kwake kutayang'ana komwe madzi akuchokera. Wina aime kutsogolo kwake n'kumapalasa miyala ndi mapazi, kwinaku akupukuta miyala ikuluikulu ndi manja kuti zomatirira zikokolokere m'sefamo. Kenako kokani sefa m'udzu ndi mizu ya m'mphepete, pomaliza vundulani mchenga ndi masamba owunjikana. Zonse pamodzi zitenge mphindi 5. Thirani madzi oyera a mumtsinje womwewo m'beseni, akuya ngati zala zitatu, khuthulani sefa, muike beseni pamthunzi. Musagwedeze. Pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu matope amakhazikika ndipo zamoyo zimayamba kudziulula zokha. Ana azitola ndi supuni, zofanana m'mbale imodzi, kwa mphindi pafupifupi 15.

Simuwerenga kuchuluka kwake, mumangolemba gulu lomwe lapezeka. Magulu alipo 13, lililonse ndi mapointi ake. Stonefly ndi 17. Mayfly ena onse ndi 11, koma aja othamanga ngati timatemba ndi 5. Caddisfly ndi 9. Nkhanu kapena tiabale take ting'onoting'ono totchedwa shrimp ndi 6, ana a tombolombo wamkulu ndi 6, ana a tombolombo wowonda uja wopinda mapiko akatera ndi 4. Tizikumbu ndi nsikidzi za m'madzi ndi 5. Nkhono ndi 4. Nyongolotsi zophwatalala ndi 3. Nyongolotsi wamba, misundu, ndi mphutsi za ntchentche kapena udzudzu, gulu lililonse ndi 2. Phatikizani mapointi, mugawe ndi chiwerengero cha magulu omwe mwapeza.

Tiyerekeze kuti kumtunda kwa mudzi mwapeza mayfly ophwatalala, mayfly othamanga, caddisfly, tombolombo wamkulu, nkhanu, tizikumbu ndi mphutsi za ntchentche. Ndiye 11, 5, 9, 6, 6, 5 ndi 2, zonse 44. Kugawa ndi 7 mukupeza 6.3. Kumunsi kwa mudzi mwapeza nyongolotsi, misundu, mphutsi, nkhono ndi mayfly othamanga: 2, 2, 2, 4 ndi 5, zonse 15, kugawa ndi 5 mukupeza 3. Pa mtsinje wa miyala, kupitirira 7.2 ndiye kuti uli monga unalengedwera, 6.2 mpaka 7.2 uli bwino, 5.7 mpaka 6.1 wayamba kufooka, 5.3 mpaka 5.6 wadwala, kutsika pa 5.3 wawonongeka kwambiri. Pa mtsinje wa mchenga malire amatsikako: kupitirira 6.9 ndi wachilengedwe, kutsika pa 4.8 ndi wowonongeka kwambiri. Popeza malirewa anayesedwa pa mitsinje ya ku South Africa, musawagwire ngati lamulo. Chodalirika koposa ndi kuyerekeza mtsinje ndi iwo wokha: kumtunda ndi kumunsi tsiku limodzi, kapena malo omwewo chaka chino ndi chaka chamawa.

Tsono zolakwika, pakuti n'zimene zimawononga ntchito ya makalabu ambiri. Choyamba ndi kupima madzi atangosefukira. Chigumula chimakokolola tizilombo, ndipo mtsinje wabwinobwino umaoneka ngati wakufa. Dikirani masabata anayi kapena kuposerapo. Chachiwiri ndi kupima pa dziwe pokha chifukwa ndi pofikirika. Stonefly sakhala pa dziwe. Kudzaza matope m'beseni nakonso kumabisa zonse, bola kugawa kawiri. Zigoba za nkhono zopanda kanthu ndi tinyumba ta caddisfly topanda mwini sitiwerengedwa. Koma cholakwika chodula kwambiri ndi ichi: mwana amaona mayfly woduka mchira umodzi n'kufuula kuti stonefly, gulu lonse n'kulemba 17. Mayfly ena amakhalanso ndi michira iwiri chibadwire. Musadalire michira. Yang'anani m'mbali mwa mimba: ngati muli tinthenga, ndi mayfly. Mwana wa tombolombo wowonda nayenso amasokoneza chifukwa ali ndi zitatu kumchira, koma zake ndi zophwatalala ngati masamba, osati ulusi.

Ana avale majombo, makamaka m'malo a madzi odekha momwe mungakhale likodzo. Asagwire nsikidzi zikuluzikulu za m'madzi ndi manja, zimaluma mowawa. Kumtunda kukachita mdima wa mvula, tulukani m'khwawa ngakhale pamene mulipo pali dzuwa. Ndipo kufupi ndi nyanja kapena Shire, komwe kuli ng'ona, musapiteko ndi ana. Mukamaliza bwezerani zonse m'madzi, miyala muigoneke momwe munaipezera.

FUNSO: Kumunsi kwa pamene timachapira ndi kutsukira mbale, m'matope muli tinyongolotsi tofiira ngati magazi, tambirimbiri. Kodi ndi matenda? — Mayi wa ku Lungwena

YANKHO: Mayi, timeneto si matenda ndipo sitilowa m'thupi mwa munthu. Ndi mphutsi za tintchentche tofanana ndi udzudzu koma tosaluma. Kufiirako ndi chinthu chonga chomwe chimafiiritsa magazi athu, chimene chimatithandiza ife kugwira mpweya. Nazonso mphutsizi zimachigwiritsa ntchito kukhala m'matope momwe mpweya ndi wochepa zedi. Zochepa zimapezeka mumtsinje uliwonse. Zikachuluka chonchi pamene zina zonse zasowa, zikukuuzani kuti pamalopo pakulowa zowola zambiri. Mukadzaonanso mphutsi yotuwa yonenepa ya mchira wautali ngati wa khoswe, dziwani kuti zafika poipa: mchirawo ndi paipi yopumira mpweya wa kunja, chifukwa m'madzimo mulibenso. Kawirikawiri pamakhala pakulowa zochokera m'chimbudzi kapena m'khola.

Mankhwala ake ndi kusuntha pochapira. Tungani madzi m'ndowa, mukachapire masitepe 20 kapena 30 kuchokera m'mphepete, madzi a sopo azilowa m'dzenje lodzaza miyala. Zotsalira za m'mapoto zipite ku nkhuku, osati kumtsinje.

FUNSO: Ngati tapeza stonefly ndi anzake aja, ndiye kuti madziwo tikhoza kumwa osathira mankhwala? — Mtsikana wa Fomu 3, Namwera

YANKHO: Ayi, mwana wathu, ndipo yankho limeneli ukawauzenso akunyumba. Tizilombo timanena za thanzi la mtsinje, osati za chitetezo cha m'mimba mwako. Munthu mmodzi wodwala akadzithandiza kumtunda, majeremusi a kolera kapena taifodi amayenda m'madzi ozizira, oyera, odzaza stonefly, ndipo stonefly sazindikira kanthu. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma omwe anavutika kwambiri. Madzi akumwa a mumtsinje aziwiritsidwa mpaka abwadamuke kwa mphindi yathunthu, kapena athiridwe klorini. Ngati ndi WaterGuard, kachivindikiro kamodzi pa malita 20, n'kudikira mphindi 30. Madzi akakhala a matope, yamba wawasefa pa nsalu yoyera kapena kuwasiya akhazikike, chifukwa matope amafooketsa klorini.

Pali matenda amodzi omwe beseni lako lingakuchenjeze: likodzo. Tizilombo take timakulira m'nkhono za m'madzi. Nkhono za mtundu wa Bulinus zimafalitsa likodzo la m'chikhodzodzo, lija lokodza magazi. Mu 2017 m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi munapezekanso nkhono za Biomphalaria, zozungulira mophwatalala ngati batani, zomwe zimafalitsa likodzo la m'matumbo. Nkhono zimenezi zimakonda madzi odekha, ofunda, a ndere ndi udzu. Mtsinje wa m'phiri wothamanga pamthunzi suzikomera. Koma mitengo ikadulidwa, madzi n'kuchepa m'chilimwe n'kusanduka timadziwe toomba dzuwa, nkhono zimakwera. Si nkhono iliyonse yomwe ili ndi matendawa, koma ukaziona zachuluka pamalo osambira, uza mlangizi wa zaumoyo. Madzi osamba otungidwa pamalo otere akakhala m'ndowa yopanda nkhono masiku awiri, tizilombo ta likodzo timafa. Amene wadwala kale apite kuchipatala akalandire praziquantel.

FUNSO: Ndili ndi dimba la tomato m'mbali mwa mtsinje. Anzanga a m'mudzi akundinena kuti ndine ndapha nkhanu ndi tizilombo chifukwa chopopera mankhwala. Ine sindinathirepo mankhwala mumtsinje, ndimangotsukiramo sipuleya ndikamaliza. Ndalakwa pati? — Mlimi, Chowe

YANKHO: Achimwene, tikuuzani mosabisa: kutsukirako ndiko kuthira. Mankhwala ambiri opopera tomato ndi thonje, monga cypermethrin, anapangidwa kuti aphe tizilombo, ndipo sasankha kuti aka n'kambozi ka m'dimba, aka n'ka mumtsinje. Kwa mayfly, nkhanu ndi nsomba mlingo wakupha ndi wochepa kwambiri, woti zotsalira pansi pa sipuleya imodzi zimakwanira kusesa kamtsinje kakang'ono ka m'chilimwe mtunda wautali ndithu. Mankhwala a gulu limeneli amamatiriranso ku matope n'kupitiriza kupha madzi atayera kale.

Mukhoza kudzitsimikizira nokha, chifukwa poizoni ndi zowola zimasiya mapazi osiyana. Pamene pawonongeka ndi zowola, zamoyo zimakhala zambiri koma za mitundu yochepa, monga mphutsi zofiira zija. Pamene padutsa mankhwala ophera tizilombo, miyala imakhala pululu. Mumangopeza nkhono ndi nyongolotsi, zomwe mankhwalawa sazikhudza kwenikweni, ndipo pakapita masabata angapo miyala imaterera ndi ndere chifukwa omwe ankaipala anafa. Vundukulani miyala khumi kumtunda kwa dimba lanu, khumi kumunsi, muone.

Chitani motere. Musamize sipuleya mumtsinje. Tungani ndi ndowa yosiyana, musakanizire kutali, masitepe osachepera 30. Botolo likatha, litsukeni katatu, madzi otsukirawo muwathire m'sipuleya momwemo, botololo muliboole kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta. Mukamaliza kupopera, thirani madzi pang'ono m'sipuleya, khutchumulani, mupopere pa mbewu zomwezo, bwerezani katatu. Musapopere kukuwomba mphepo kapena mvula ili pafupi. Pakati pa mzere womaliza wa tomato ndi madzi musiye udzu ndi bango zosalimidwa. Ife timalangiza mamita 10 mpaka 15 pamene malo alola. Mpata womwewo umagwiranso feteleza. Feteleza akalowa m'madzi amameretsa ndere zobiriwira zazitali ngati tsitsi, zomwe masana zimatulutsa mpweya koma usiku zimaumeza, moti m'bandakucha tizilombo timabanika.

Anzanu okunenaniwo muwafunsenso za katupe. Kuthira katupe pa dziwe kuti mugwire nsomba kumapha chilichonse chopumira m'madzi, ana a nsomba ndi tizilombo tomwe. Ndiwo za tsiku limodzi zimalipiridwa ndi mtsinje wonse.

FUNSO: Ine ndine msodzi wa panyanja. Za tizilombo ta m'mapiri zikundikhudza bwanji? Komanso nkhungu zija zimafuka ngati utsi pakati pa nyanja, n'chizindikiro choti nyanja yada? — Msodzi, Makanjira

YANKHO: Bambo, zikukukhudzani m'thumba. Mpasa, sanjika, ntchila ndi matemba ambiri amakwera mitsinje kukaswana. Mpasa amaikira mazira pa nsangalabwi zoyera, momwe madzi amadutsa m'mipata n'kumawapatsa mpweya. Malo omwewo ndi omwe mayfly ndi stonefly amafuna. Dothi likakwirira nsangalabwi, mazira amabanika limodzi ndi tizilomboto, ndipo ana a nsomba opulumuka amasowa chakudya, pakuti chakudya chawo ndi tizilombo tomweti. Ntchila inali imodzi mwa nsomba zazikulu za malonda m'zaka za m'ma 1950; lero achinyamata ambiri sanaionepo. Kugwira nsomba zodzaza mazira pa matsiriro a mitsinje ndi kuwonongeka kwa mitsinjeyo zinathandizana kuimaliza. Dothi lomwelo likafika m'nyanja limakwirira ndere za pa miyala zomwe mbuna zimadya.

Za nkhungu musade nkhawa. Ndi tintchentche totchedwa Chaoborus edulis, tomwe mphutsi zake zimakhala m'madzi akuya a nyanja, masana pansi, usiku n'kukwera kudzadya. Zikakhwima zimatuluka pamodzi, n'chifukwa chake zimaoneka ngati utsi. Ndi chilengedwe cha nyanja yathu kuyambira kale, nsomba zambiri zimadya zimenezi, ndipo anthu a m'mphepete mwa nyanja, makamaka kumpoto, amaziumba n'kupanga ndiwo.

FUNSO: Tikasamala tizilombo ta mumtsinje, sitikuweta udzudzu? Ndamvanso kuti kuli ntchentche za m'mitsinje zochititsa khungu. — Mayi wa ku Monkey Bay

YANKHO: Mayi, udzudzu wa malungo suswana m'madzi othamanga. Umafuna madzi oima: mapazi a ng'ombe, maenje a njerwa, timadziwe totsalira mtsinje ukaphwa, madambo a udzu. Pamasabata awiri okha dzira limakhala litasanduka udzudzu wouluka. Mtsinje wamoyo uli ndi ana a tombolombo, tizikumbu ndi matemba zomwe zimadya mphutsi zake. Woweta udzudzu ndi mtsinje wophwa ndi wokumbidwakumbidwa mchenga.

Za ntchentche zija n'zoona. Ndi tintchentche takuda ta mtundu wa Simulium, ndipo mphutsi zake zimamatirira m'magulu pa miyala ndi masamba pamene madzi akuthamanga kwambiri, zooneka ngati timabotolo takuda. Mitundu yake ndi yambiri ndipo yochepa yokha ndi imene imaluma anthu n'kufalitsa matenda oyabwitsa khungu ndi kuwononga maso. M'Malawi matendawa amadziwika m'maboma monga Thyolo, Mulanje, Mwanza ndi Neno, komwe anthu akhala akulandira mankhwala a ivermectin chaka ndi chaka. Kupeza mphutsizi pa mwala si chifukwa chothirira mankhwala mumtsinje. Amene akuyabwa thupi kosalekeza kapena watuluka timibulu tolimba pansi pa khungu, makamaka ngati anakhalako m'maboma amenewa, akapimitse kuchipatala.

FUNSO: Mtsinje wa m'mudzi mwanga kale unkayenda chaka chonse, ana ankagwira nkhanu. Lero mitengo inatha ndi makala, pofika Okutobala umangotsala mchenga. Tikayamba kuusamala, zamoyozo zingabwerere? Tikazitenge kuti? — Nyakwawa, dera la Phirilongwe

YANKHO: Zikomo amfumu. Simufunika kukazitenga kulikonse, zimabwera zokha ngati kumtunda kudakali kamalo kamoyo. Tina timakokoloka ndi madzi kuchokera kumtunda, makamaka usiku. Tina tikamera mapiko timauluka motsata mtsinje n'kukaikira mazira. Choncho ntchito yoyamba si kudzala, koma kuteteza kasupe ndi kachigawo kalikonse komwe kadakali ndi mitengo. Pamenepo ndiye pali mbewu yanu. Lamulo la nkhalango la 1997 limakulolani inu ndi anthu anu kupatula nkhalango ya mudzi ndi kusankha komiti yoiyang'anira. Ofesi ya zankhalango ya boma lanu ingakuthandizeni kulemba malamulo ake.

Kenako yang'anani zitsa. Mitengo yambiri yachilengedwe yodulidwa makala imaphukira, ndipo popeza mizu ilipo kale, imakula msanga kuposa mbande. Pa chitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zina mudule. Lambulani njira yotchinga moto mwezi wa Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, chifukwa moto umodzi wa Okutobala umafafaniza ntchito ya zaka zitatu. Pamene palibe zitsa dzalani mitengo ya m'mbali mwa mitsinje: mkuyu, nyowe amene ena amati katope, mbawa, mwenya ndi nsungwi, motalikirana mamita awiri kapena atatu, mvula ikakhazikika mu Disembala kapena Januwale. Bulugamu asayandikire kasupe. Amamwa madzi ambiri. M'minda ya m'mapiri, mizere ya vetiva yodutsa chopingasa, mbande motalikirana masentimita 10 mpaka 15, ndi imene imagwira dothi lisanafike kumtsinje. Ng'ombe zizimwera malo amodzi oyalidwa miyala, osati paliponse.

Chinthu chimodzi chomwe midzi yakhama imalakwitsa: kusesa mtsinje. Chotsani mapulasitiki, mabotolo ndi matewera, koma masamba ogwa, nthambi ndi zipika zisiyeni. Masambawo ndi chakudya cha nkhanu ndi caddisfly, ndipo chipika chogona m'madzi chimakumba kadziwe komwe zamoyo zimabisala m'chilimwe.

Za nthawi, tisakunamizeni. Pambuyo pa chigumula mtsinje wathanzi umadzaza pa miyezi yochepa. Pambuyo pa poizoni wa kamodzi, nyengo imodzi ya mvula imatha kukwanira. Koma wanuwu ukusowa mthunzi ndi madzi a chilimwe, ndipo zimenezo zimadikira mitengo, zaka zisanu kapena kuposerapo. Zamoyo zimabwerera motsatana. Oyamba ndi mayfly othamanga aja ndi mphutsi za tintchentche takuda. Kenako caddisfly otchera maukonde ndi nkhanu. Mayfly ophwatalala amadikira kuti miyala iyere, ndipo stonefly ndiye womaliza, mthunzi ukatsekana pamwamba.

Sankhani malo atatu okhazikika, kukasupe, pakati pa mudzi ndi kumunsi, muwaike chizindikiro pa mtengo kapena pathanthwe. Pemphani aphunzitsi a sukulu yapafupi kuti ana azipima kawiri pa chaka, mu Juni madzi atayera ndi kumayambiriro kwa Seputembala asanaphwe. M'kope la mudzi azilemba tsiku, malo, magulu omwe apezeka, mapointi, komanso tsiku lomwe madzi anasiya kuyenda chaka chimenecho.